Kubwezera Chonde M'nthaka Popanda Kutaya Ndalama Zambiri: Nkhani ya ku Musana

Munthu wochoka m'tauni ya Bindura, m'dziko la Zimbabwe, kulunjika cha kumwera ku Musana, amaona dothi likusintha maonekedwe asanayende mtunda wautali. Pafupi ndi tauni dothi ndi lofiira, la katondo, ndipo pansi pake ndi pamene pagona miyala ya golide ndi nikelo imene idaitanira anthu ku migodi ya Shamva, Trojan ndi Freda Rebecca. Pofika ku Musana mapiri asanduka a matanthwe otuwa, ndipo minda yambiri yakhala pa mchenga. Mvula ya kuderali si yochepa, pakuti chaka chabwino imagwa pakati pa mamilimita 750 ndi 1,000, kuyambira Novembala kulekeza Malichi. Chosowa chachikulu ndi chonde.

Nkhani imeneyi ikhudza omvera a m'maiko onse atatu. Kwa zaka zambiri amuna a ku Malawi, a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Tete adayenda ulendo wapansi kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Bindura ndi Shamva, ndipo ambiri adatchona komweko. Ana ndi adzukulu awo aliko kufikira lero. Ntchito ya mumgodi siikhalitsa: mgodi wa Trojan udaima mu 2008, ndipo padapita zaka zingapo usanayambenso. Antchito ambiri a m'mafamu nawonso adataya ntchito pamene minda ikuluikulu idagawidwa kuyambira mu 2000. Malipiro akaleka, banja limatsamira pa kamunda kakang'ono ka kuseri kwa nyumba kapena ndime yobwereka. Tsono mtengo wa feteleza udakwera kwambiri mu 2021 ndi 2022, ndipo chilala cha 2024 chidachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za tsoka la njala. Funso la mlimi wa ku Musana ndilo funso la mlimi wa ku Kasungu ndi wa ku Petauke: kodi munthu wopanda ndalama angadyetse bwanji nthaka yake kuti nayo imdyetse?

Chifukwa chake mchenga uguga msanga

Mbewu zimadya monga adyera munthu, ndipo zakudya zake zazikulu ndi zitatu. Choyamba ndi nayitrojeni, amene amakulitsa masamba ndi kuwabiriwiritsa. Akasowa, chimanga chimachita chikasu kuyambira masamba a m'munsi. Chachiwiri ndi fosifolasi, amene amalimbitsa mizu. Akasowa, chimanga chaching'ono chimapinimbira ndipo masamba ake amafiirira. Chachitatu ndi potaziyamu, amene amalimbitsa phesi. Akasowa, masamba amaoneka ngati owauka m'mphepete.

Dothi la katondo ndi la makande limagwira zakudya zimenezi ndi kusunga madzi. Mchenga uli ngati dengu: madzi a mvula amangopyola, natenga chakudya kupita nacho pansi pamene mizu siifika. Chimene chimathandiza mchenga kugwira madzi ndi chakudya ndicho zowolerana, ndiko kuti masamba, mizu, mapesi ndi ndowe zimene zaola ndi kusanduka dothi lakuda. Munda ukalimidwa chimanga chaka ndi chaka, zokolola zikutuluka koma kalikonse kosabwerera, zowolerana zimatha. Pamenepo nthaka imayera, imauma msanga pa ng'amba, imachita asidi, ndipo kaufiti amabuka, pakuti kaufiti amakonda nthaka yoguga. Pa nthaka yotere ngakhale feteleza wa m'sitolo sagwira bwino ntchito, ndipo mlimi amadandaula kuti adagula thumba lachabe, pamene vuto lili m'dothi.

Zimene zidayesedwa kale m'dera lomwelo

Lamulo logawa malo la 1930 lidapereka mbali yaikulu ya dothi labwino kwa alimi achizungu, ndipo anthu akuda adapanikizana m'madera a mchenga onga Musana, kumene kudalibenso malo ogoneka munda kuti upume. Emory Alvord, mmishonale wa ku America amene boma la Southern Rhodesia lidamlemba ntchito ya ulangizi mu 1926, adaphunzitsa alangizi pa sukulu ya Domboshawa, yosatalikirana ndi Musana. Chiphunzitso chake chidali kuthira manyowa a m'khola ndi kusinthanitsa mbewu kwa zaka zinayi. Amene adali ndi ng'ombe zambiri adapindula. Koma njirayo idafuna manyowa ochuluka koposa amene munthu wosauka akadapeza, ndipo lamulo la 1951 lidakakamiza anthu ambiri kuchepetsa ziweto zomwe zikadapereka manyowawo.

Ku Shamva, pa famu ya Chipoli, Captain J. M. Moubray adapanga kompositi wambiri motsata njira imene Sir Albert Howard adaikonza ku Indore, m'dziko la India, pakati pa 1924 ndi 1931. Ndipo malongosoledwe a ntchito ya pa Chipoli adasindikizidwa m'buku la Howard la 1940. Pambuyo pake, Brian Oldreive, poyang'anira famu ya Hinton pafupi ndi Bindura, adayamba kuleka kugaula ndi kuotcha mapesi, naphimbira nthaka m'malo mwake. Ntchito imeneyo ndiyo idabala njira ya Pfumvudza, imene boma la Zimbabwe lidaifalitsa m'dziko lonse mu 2020. Phunziro la mbiri yonseyi ndi limodzi: chonde chochepa chimene mlimi ali nacho asachimwaze pa munda waukulu, koma achiunjike pamalo pamene angathe kupasamala.

Manyowa a m'khola

Manyowa onse sali olingana. Ndowe zimene zakhala padzuwa ndi pamvula chaka chathunthu, zosakanikirana ndi mchenga wa pansi pa khola, zataya mphamvu yake yambiri, ndipo wozisenza asenza mchenga. Mbali yaikulu ya nayitrojeni wa chiweto ili mumkodzo. Chifukwa chake mlimi wanzeru amayala udzu, mapesi kapena masangwi a mtedza m'khola, kuti zimwe mkodzo ndi kupondedwa pamodzi ndi ndowe. Pofukula khola, manyowawo aunjikidwe pamthunzi kapena m'dzenje, naphimbidwe ndi udzu kapena dothi, kufikira ataola.

Wopanda ng'ombe asataye mtima. Zitosi za nkhuku ndi za nkhunda zili ndi mphamvu yoposa ndowe za ng'ombe, ndipo za mbuzi ndi za akalulu nazo ndi zabwino. Nkhuku zikamagona m'khola lokwezeka, zitosi zimagwera pansi pamalo amodzi ndipo kuzisesa sikuvuta. Koma zitosi zaziwisi zimaotcha mbewu, ndiponso ndowe zosaola zimatha kupatsira matenda a m'mimba kudzera m'ndiwo zamasamba ndi tomato. Manyowa opita kudimba ayenera kukhala oola bwino.

Kapangidwe ka kompositi

Kompositi ndiye khola la munthu wopanda chiweto. Malo ake akhale pamthunzi, pafupi ndi madzi ndi munda. Mulu ukhale wa mamita awiri m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka msinkhu. M'litali mwake mlimi aone yekha kuchuluka kwa zinyalala zake. Pansi payalidwe timitengo kapena mapesi okhuthala kuti mpweya ulowe. Pamwamba pake paikidwe zouma, monga udzu, masamba ndi mapesi oduladula, kukhuthala kwake ngati chikhatho choimirira. Kenaka paikidwe zaziwisi, monga udzu wopalira, makoko a nthochi ndi masamba a deliya. Ndiye ndowe kapena zitosi pang'ono. Ndiye dothi la pamwamba lowazawaza ndi kaphulusa. Gawo lililonse lithiridwe madzi, ndipo ntchitoyo ibwerezedwe kufikira mulu utakwana.

Madzi asachuluke ndipo asachepe. Munthu akatapa zinyalala ndi kufinya m'manja, dzanja linyowe koma madzi asachuche. Pakati pa mulu pazikidwe ndodo. Pakapita masiku atatu kapena anayi, ndodoyo ikazulidwa iyenera kukhala yotentha ndi yonyowa, pakuti tizilombo tosaoneka ndi maso tayamba ntchito, ndipo kutenthako kumapha njere zambiri za udzu ndi matenda. Ndodo ikazizira ndi kuuma, mulu ukufuna madzi. Mulu ukanunkha ngati chovunda, madzi achuluka ndipo ufunika kutembenuza. Pakatha milungu itatu mulu utembenuzidwe, za kunja zilowe m'kati, ndipo utembenuzidwenso pambuyo pa milungu ina itatu. Pa miyezi itatu kompositi wapsa: ndi wakuda, wofumbutuka, wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango.

Alimi a ku Malawi ali ndi njira zinanso zoyenera kudera louma. Pa njira ya chimato, mulu wonse umamatidwa ndi matope ndi kusiyidwa kabowo pamwamba, kotero kuti chinyezi sichithawa ndipo palibe ntchito yotembenuza. Ena amakumba dzenje ndi kuyalamo zinthu zomwezo. M'muluwo musalowe mapulasitiki, mabotolo, mabatire, mbewu zodwala, kapena kaufiti amene wachita maluwa.

Phulusa, chulu ndi masamba a m'thengo

Phulusa la nkhuni limene amayi amataya kudzala m'mawa uliwonse lili ndi potaziyamu, ndiponso limachepetsa asidi monga achitira laimu. Lisungidwe m'thumba pamalo ouma, pakuti mvula imasukuluza mphamvu yake monga madzi achitira pocheza chidulo. Liwazidwe mopyapyala, osaliunjika pa tsinde la mbewu. Phulusa la malasha a pansi, la matayala kapena la mapulasitiki siliyenera kumunda.

Anthu a ku Musana ndi madera ena a mchenga adadziwa kuyambira kale kukumba dothi la chulu ndi kulimwaza m'munda. Chiswe chimatulutsa dothi lamata kuchokera pansi, ndipo dothilo likasakanikirana ndi mchenga limauthandiza kugwira madzi kwa zaka zingapo. Chulu chikumbidwe mbali imodzi, osachigumula chonse, kuti chiswe chimangenso. Momwemonso amatola masamba oyoyoka pansi pa mitengo ya musasa ndi munhondo, ya mtundu wa mombo. Masamba amenewa amachedwa kuola, ndipo akakwiriridwa m'munda ali ouma amayamba alanda nayitrojeni wa mbewu, chimanga n'kuchita chikasu. Njira yabwino ndi kuwayala m'khola kapena kuwaika mu kompositi. Wotola asasese nkhalango mpaka kuyera, pakuti mitengo nayo imadya masamba omwewo.

Mbewu ndi mitengo yobwezera chonde

Munthu akazula mtedza, soya, nyemba kapena khobwe amaona timatuza pa mizu. M'timatuzamo mumakhala tizilombo timene timatenga nayitrojeni mumpweya ndi kumsandutsa chakudya cha mbewu. Kamodzi kakang'ambidwa n'kuoneka kofiira m'kati, ndiye kuti ntchito ikuchitika. Ameneyu ndi feteleza wosagula. Ndime imene chaka chino yabzalidwa chimanga, chaka chamawa ibzalidwe mtedza kapena soya, ndipo masangwi ake atsale m'munda kapena apite kukhola. Soya amabereka bwino mbewu yake ikapakidwa mankhwala a tizilomboti, amene ku Zimbabwe amapangidwa pa malo a kafukufuku a Grasslands ku Marondera. Paketi yake ndi yotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi thumba la feteleza.

Alimi a kumwera kwa Malawi amabzala nandolo pakati pa chimanga. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, masamba ake amayoyokera m'mizere, ndipo banja limapeza ndiwo ndi nkhuni. Kalongonda amaphimba nthaka ndi kupha udzu. Mtengo wa nsangu uli ndi khalidwe lachilendo, pakuti umayoyola masamba m'dzinja mitengo ina ikuphuka, kotero suchititsa mthunzi pa chimanga koma umachithira manyowa. Akatswiri a pa Makoka, pafupi ndi Zomba, adaonetsa kuti gilisidiya wodulidwa kawirikawiri, masamba ake n'kukwiriridwa m'mizere, amakweza zokolola za chimanga. Ndipo a pa Msekera, ku Chipata, adaona zomwezo pogoneka munda ndi jelejele kwa zaka ziwiri. Pa kamunda kochepa mitengo yotere ibzalidwe m'malire ngati mpanda. Phindu lake silioneka chaka choyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapando ndi kuphimbira

Njira ya Pfumvudza isonyeza bwino kuchepa kwa manyowa ofunika ngati aikidwa pamalo oyenera. Munda wake ndi wa mamita 39 m'litali ndi mamita 16 m'lifupi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 16 a hekitala. Muli mizere 52 yotalikirana masentimita 75, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapando 28 otalikirana masentimita 60. Mapando onse ndi 1,456, ndipo pa phando lililonse pamatsala mapesi awiri. Cholinga chake ndi chakuti mzere umodzi udyetse banja mlungu umodzi, mizere 52 ikwanire chaka. Cholingacho chimafikiridwa pokhapokha mvula ikagwa bwino ndipo ntchito yonse ikachitika pa nthawi yake.

Tsono mlimi akathira chitini cha theka la lita pa phando lililonse, munda wonse udya malita 728, ndiwo ndowa 37 za malita 20. Amenewa ndi manyowa amene banja lopanda ng'ombe lingathe kusonkhanitsa m'chilimwe chimodzi. Mapando amakumbidwa mvula isanagwe, manyowa amathiridwa pansi ndi kukwiriridwa ndi dothi pang'ono, ndipo chaka chamawa akumbanso pamalo omwewo, kotero chonde chimaunjikana.

Pakati pa mapando nthaka iphimbidwe ndi udzu kapena mapesi. Chophimbacho chimatchinga madontho a mvula kuti asakokolole dothi, chimasunga chinyezi pa ng'amba, chimachepetsa udzu, ndipo potsiriza chimaola. Vuto lake ndi lodziwika: ng'ombe za m'mudzi zimadya mapesi m'chilimwe, ndipo moto wa osaka mbewa umatentha otsala. Kotero udzu umwetedwe msanga usanapse, mapesi asungidwe pa thandala, ndipo ziyalidwe mvula ikayandikira. Woyatsa moto m'munda mwake atumiza nayitrojeni kumwamba pamodzi ndi utsi, natsala ndi kaphulusa kouluka ndi mphepo.

Feteleza wochepa pamodzi ndi manyowa

Manyowa sathamangitsa feteleza, koma amamthandiza. Pa mchenga woguga kwambiri manyowa okha sakwanira chaka choyamba, ndipo wokhala ndi ndalama za makilogalamu ochepa achita bwino kugula wobereketsa, amene ku Zimbabwe ndi ammonium nitrate ndipo ku Malawi ndi ku Zambia ndi yureya. Manyowa agwire ntchito ya wokulitsa. Akatswiri a ICRISAT pa Matopos, pafupi ndi Bulawayo, adaonetsa kuti feteleza woyezera pa chitsekerero cha botolo, woikidwa pafupi ndi mbewu pa nthaka yonyowa, amabweza phindu loposa womwazidwa chisawawa. Pa mchenga ndi bwino kumthira kawiri pang'onopang'ono, kuti mvula yamphamvu isamtenge yense tsiku limodzi.

Ku Malawi kwafala manyowa a mbeya, osakaniza madeya a chimanga, ndowe kapena zitosi, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, zotsekeredwa m'thumba losalowa mpweya kwa masiku 21. Amathandiza kuti feteleza wochepa afike pa munda wokulirapo, koma asaganiziridwe kuti ali ndi mphamvu yolingana ndi thumba la m'sitolo. Kwa mlimi wa dimba kulinso manyowa amadzi: thumba la zitosi kapena masamba a deliya limaviikidwa m'mgolo wa madzi kwa milungu iwiri, ndipo madziwo amasungunulidwa kufikira aoneke ngati tiyi wosalowerera, ndiye athiridwa pa tsinde, osati pa masamba.

Chenjezo kwa okhala pafupi ndi migodi

Dera la Bindura lili ndi ngozi yakeyake. Milu ya mchenga wotsala pogaya miyala ya golide imaoneka yosalala ndi yosavuta kutapa, koma mumakhala poizoni wochokera m'miyalamo ndi m'mankhwala osungunulira golide. Okumba golide pawokha amagwiritsa ntchito mekyule, amene akalowa m'dothi ndi m'madzi sachoka, ndipo amaononga ubongo, makamaka wa ana ndi wa mwana wosabadwa. Kotero mchenga wa pamgodi usapite kumunda kapena mu kompositi. Madzi otuluka pa chigayo cha miyala asathiriridwe ndiwo. Ndipo migolo imene mudali mankhwala a mumgodi isasungiremo madzi kapena manyowa. Ndiponso lamulo la Zimbabwe limaletsa kulima pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, pofuna kuti dothi lisakwirire mitsinje yonga Mazowe ndi Pote.

Ntchito za chaka

Chonde chimakonzedwa m'chilimwe, osati tsiku lobzala. Mu Epulo ndi Meyi, udzu ukadali ndi chinyezi ndipo madzi akadapezeka, ndiyo nthawi yomweta ndi kumanga milu ya kompositi. Mu Juni ndi Julaye mapesi asungidwe, ena ayalidwe m'khola, ndipo milu itembenuzidwe. Mu Ogasiti ndi Seputembala khola lifukulidwe, dothi la chulu litutidwe, mapando akumbidwe. Mu Okutobala manyowa athiridwe m'mapando ndi kuphimbira. Mvula yokwanira ikagwa mu Novembala, ntchito yotsala ndi kubzala.

Mlimi amene sanayesepo njirazi asayambe ndi munda wonse. Asankhe mizere khumi, aithire kompositi ndi kuiphimbira, mizere ina khumi yoyandikana nayo ailime monga mwa masiku onse, mbewu ikhale imodzi ndi tsiku lobzala likhale limodzi. Pokolola ayeze zonse ziwiri ndi ndowa imodzi, ndipo achite chomwecho chaka chachiwiri ndi chachitatu, pakuti nthaka imene idaguga kwa zaka zambiri siichira dzinja limodzi. Ndowayo ndiyo idzamuuza chochita ndi munda wotsalawo.